Kufunsa Eni Malo Zikhomo Zisanakhomedwe

Masiku ano si chachilendo kuona galimoto itaima pamphepete pa mudzi, ndi kutsikamo anthu a zipewa zolimba atanyamula makina oyezera malo. Amayenda m'minda, amalemba m'mabuku ao, nthawi zina amakhoma zikhomo zopaka utoto, kenaka nkubwerera kumene achokera. Madzulo ake mudzi wonse umakhala pa nkhani imodzi. Wina ati kudzadutsa mseu, wina ati malo agulitsidwa, wina ati onse asamuka mvula isanagwe. Palibe amene adziwa zoona, pakuti palibe amene anauzidwa.

Nthawi zambiri alendo oterewa amakhala a nchito za magetsi. Dziko la Malawi lisowa magetsi kwambiri. Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti pa mabanja 100 ali onse, mabanja 11 okha ndiwo anali kuunikira nyumba zao ndi magetsi a mawaya. Ndiponso magetsi ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire. Kuopsa kwa kudalira mtsinje umodzi kunaoneka m'mwezi wa January 2022, pamene namondwe wochedwa Ana anaononga damu la Kapichira ndi kuimitsa makina opanga mamegawati pafupifupi 130.

Chifukwa cha kusowa kwa magetsi kumeneku nchito zatsopano ziri kuchuluka. Ku Salima kunatsegulidwa malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 mu 2021, ndi ku Golomoti ena a mamegawati 20 mu 2022. Mawaya akulu a makilomita 173 ochokera ku Phombeya m'boma la Balaka kufika ku Nkhoma anatha kumangidwa mu 2018. Mu 2022 mwala wa maziko unaikidwa wa mawaya ena a makilomita 218 olumikiza Phombeya ndi Matambo ku Tete.

Nchito zonsezi nzofunika, koma zonse zifuna chinthu chimodzi, ndicho malo. Ndipo malo ali ndi eni ake. Tsono funso la phunziro la mwezi uno ndi ili: kodi eni malo ayenera kufunsidwa liti? Yankho lake lioneka bwino pa zimene zinachitika m'dziko la Kenya, kumene makampani atatu anafuna kupanga magetsi ndi mphepo, koma mathero a nchito zao anasiyana kwambiri.

MAGETSI A MPHEPO NDI MALO AMENE AFUNA

Makina a mphepo ndi nsanamira yachitsulo yaitali kuposa mtengo uli wonse wa m'nkhalango, ndipo pamwamba pake pali mapiko atatu. Mphepo ikaomba mapikowo amazungulira ndi kupukusa makina amene amatulutsa magetsi, monga m'mene gudumu la njinga limapukusira dainamo kuti nyali iyake. Safuna mafuta kapena malasha. Mphepo, dzuwa ndi madzi oyenda sizitha, ndipo ichi ndicho chifukwa chake maiko ambiri atembenukira kwa izo.

Koma kampani siingathe kusankha malo ali onse amene ifuna. Iyenera kupita kumene mphepo iri, ndipo kawirikawiri kumeneko kumakhala kutali ndi mizinda imene ifuna magetsiwo. Makinawo amaikidwa motalikirana, pakati pao pamalambulidwa miseu, ndipo nyumba siziyenera kuyandikira kwambiri chifukwa cha phokoso ndi mthunzi wa mapiko. Magetsi akapangidwa amanyamulidwa ndi mawaya akulu opachikidwa pa nsanja zachitsulo. Mawayawo amadutsa m'minda ya anthu mazanamazana, ndipo pansi pao sipaloledwa kumanga nyumba kapena kusiya mitengo yaitali. Chotero nchito imodzi ya magetsi imakhudza anthu a pamalo pamene makina aima, ndiponso anthu a m'njira yonse imene mawaya adutsa.

KINANGOP: NCHITO IMENE INAFERA M'NJIRA

Kinangop ndi dziko lokwera ndi lozizira, kumpoto kwa mzinda wa Nairobi, m'chigawo cha Nyandarua. Anthu ake ndi alimi a minda yaing'ono. Amalima kachewere ndi kabichi monga anthu a ku Tsangano, ndiponso amaweta ng'ombe za mkaka. Kumeneko kampani ina inakonza zoimika makina 38 opanga mamegawati pafupifupi 61. Ndalama zinapezeka mu 2013, makina anagulidwa, ndipo alimi ena anasaina mapangano obwereketsa malo ao. Pa mapepala zonse zinali m'malo mwake.

Koma anansi a alimi amene anasainawo anali ndi mafunso amene sanayankhidwe mowafika pa mtima. Kodi munthu amene nyumba yake iri pafupi ndi makina adzasamutsidwa? Nanga amene makina saima m'munda mwake, koma adzamva phokoso lake usana ndi usiku, adzalandira kanthu? Pamene mayankho anachedwa, mphekesera zinalowa m'malo mwake. Kunamveka kuti makinawo amadwalitsa anthu, ndi kuti malo adzalandidwa mwa mphamvu. Andale nao anaikapo mau ao.

M'mwezi wa February 2015 kunabuka chipolowe, ndipo munthu mmodzi anaphedwa ndi mfuti. Nchito inaima. Patapita chaka chimodzi, mu February 2016, eni kampani analengeza kuti aileka ndithu, ataononga kale madola a ku America pafupifupi 66 miliyoni. Makinawo sanapange magetsi pa Kinangop ngakhale tsiku limodzi.

Pa nkhani imeneyi palibe amene anapindula. Eni ndalama anataya chuma chao, alimi amene anasaina anataya lendi imene anali kuyembekeza, dziko linataya magetsi, ndipo banja lina linataya munthu wao. Mphepo inalipo, ndalama zinalipo, makina analipo. Chimene chinasowa ndi kukhulupirirana.

NYANJA YA TURKANA: MALO OONEKA NGATI OPANDA MWINI

Kumpoto kwenikweni kwa Kenya, m'chigawo cha Marsabit, pafupi ndi nyanja ya Turkana, kuli dziko louma la miyala. Mphepo imaomba mwa mphamvu pafupifupi chaka chonse, podutsa pakati pa mapiri awiri a Kulal ndi Nyiro. Mlendo wofika kumeneko saona minda kapena mipanda, ndipo angaganize kuti malowo alibe mwini. Koma si choncho ai. Anthu a mitundu ya Rendille, Samburu ndi Turkana amadyetsako ngamila, mbuzi ndi nkhosa, ndipo amasamuka ndi ziweto zao potsata msipu ndi madzi. Malo amene lero aoneka opanda munthu angakhale amene adzapulumutse ziweto m'nyengo ya chilala.

Malowo sanali a munthu mmodzi. Anali a anthu onse pamodzi, ndipo khonsolo ya m'deralo inali kuwasunga m'dzina lao. Lamulo la nthawi imeneyo linanena kuti malo otere asanapatulidwe kuti apatsidwe kwa wina, pakhale bungwe la za malo la m'deralo loti liitane anthu ku msonkhano ndi kumva maganizo ao. Mu 2009 kampani ya Lake Turkana Wind Power inapatsidwa maekala 150,000 mwa lisi, ngakhale kuti malo oimikapo makina anali maekala 40,000. M'mwezi wa October 2014, pamene nchito yomanga inali kuyamba, anthu ena a m'deralo anakasuma ku bwalo la milandu ya malo mu mzinda wa Meru, kunena kuti malo ao anatengedwa iwo asanafunsidwe monga lamulo lifuna.

Mlandu uli m'bwalo, nchito inapitirira. Makina 365 anaimikidwa, opanga mamegawati 310, ndiko kuposa kawiri magetsi a pa Kapichira. Mseu wa makilomita oposa 200 unakonzedwa, mudzi wa Sarima unasunthidwa pamalo pake, ndipo kampani inakhazikitsa thumba lothandizira sukulu, zipatala ndi madzi m'deralo. Pofika chaka cha 2017 makina onse anali okonzeka.

Apa panatulukira bvuto lachiwiri, ndilo la mawaya. Kuti magetsi afike kwa anthu panafunika mawaya akulu a makilomita oposa 420, kuchokera ku Loiyangalani kufika ku Suswa, ndipo kumanga kwake kunali m'manja mwa bungwe la Boma. Nchitoyi inachedwa pa zifukwa ziwiri. Kampani ya ku Spain imene inapatsidwa nchitoyo inagwa m'mabvuto a ndalama, ndiponso kunali mikangano ndi eni malo a m'njira pa nkhani ya chipukuta misozi. Mawaya anatha mu September 2018. Kwa nthawi yoposa chaka makina 365 anangoima chabe mphepo iri kuomba, ndipo monga mwa pangano dziko la Kenya linayenera kulipira mabiliyoni a ndalama zao chifukwa cha magetsi amene silinalandire. Pomaliza ndalama zotere zimachokera m'thumba la wokhoma msonkho ndi wogula magetsi.

Pulezidenti Uhuru Kenyatta anatsegula malowo mu July 2019, ndipo pa nthawi imeneyo anali akulu kuposa ena onse a mphepo mu Africa. Koma mlandu uja unali usanathe. M'mwezi wa October 2021, patapita zaka 7, oweruza a ku Meru anagamula kuti zikalata za malowo zinaperekedwa mosatsata lamulo, pakuti bungwe lija loyenera kumva maganizo a anthu silinakhazikitsidwe. Sanalamule kuti makina aime, koma anapereka miyezi 12 kuti zolakwikazo zikonzedwe, ndipo anati zikapanda kukonzedwa zikalatazo zidzafafanizidwa.

Chinthu chofunika kuchizindikira ndi ichi: mseu, sukulu ndi zitsime sizinathetse mlandu. Zabwino zimene munthu alandira pambuyo sizilowa m'malo mwa kufunsidwa kumene anayenera kufunsidwa poyamba.

KIPETO: KUCHEDWA KUMENE KUNAPINDULA

Malo achitatu ndi Kipeto, m'chigawo cha Kajiado, kumwera kwa Nairobi, kwao kwa anthu a mtundu wa Maasai. Kumeneko kukambirana pakati pa eni nchito ndi eni malo kunayamba zaka zambiri chitsulo choyamba chisanafike. Kumanga kwenikweni kunatenga nthawi yochepa poyerekeza ndi zaka zimene zinapita pa kuyeza mphepo, kufuna ndalama ndi kupangana ndi anthu.

Zimene anagwirizana ndi izi. Malo sanagulidwe, koma anabwerekedwa. Eni ake akhalabe eni ake, amalandira lendi, ndipo ziweto zao zimadya pakati pa makinawo. Mabanja amene nyumba zao zinali pafupi kwambiri ndi makina anamangiridwa nyumba zatsopano zoposa 80. Ndiponso magawo 5 pa magawo 100 a kampaniyo anapatulidwa kuti akhale a thumba la anthu a m'deralo, kuti amene makina sanaime pamalo pao alandireko phindu. Ngakhale mbalame zinaganiziridwa. Pafupi ndi malowo pamaswana miimba ya mitundu imene iri kuchepa, ndipo kampani inalemba anthu oyang'ana kumwamba, amene amaimitsa makina miimba ikayandikira.

Makina 60 opanga mamegawati 100 anayamba kutumiza magetsi mu 2021. Nzoona kuti ku Kipeto kukambirana kunali kopepukirapo, pakuti mabanja ambiri anali ndi zikalata za malo ao, ndipo kunali kodziwika kuti woyenera kusaina ndani. Koma phunziro lake nlakuti pamalo pamene umwini uli wa anthu onse pamodzi, monga ku Turkana ndi monga m'midzi yambiri ya Malawi, kufunsa kuyenera kuyamba msanga koposa, chifukwa oyenera kumvedwa ndi ambiri.

KUUZA NDI KUFUNSA NZOSIYANA

Msonkhano uli wonse sukhala kufunsa. Ngati alendo afika pamudzi mapu atajambulidwa kale, ndalama zitabwerekedwa kale, ndi tsiku loyamba nchito litaikidwa kale, ndiye kuti abwera kudzauza anthu. Kufunsa kwenikweni kumachitika pa nthawi imene yankho la anthu lingasinthe kanthu.

Chifukwa chake nchosabvuta kumva. Poyamba njira ya mawaya imakhala mzere chabe pa pepala. Kuukhotetsa pang'ono kuti ulambalale manda, sukulu kapena dimba kumangofuna pensulo ndi masiku ochepa. Koma nsanja zikayamba kuimikidwa, kusuntha imodzi kumatanthauza kusuntha zinzake, kufukula simenti, ndi kulipira anchito ndi makina amene angokhala. Pamenepo kampani imauma mtima, anthu naonso amauma mtima, ndipo nkhani imene ikadatha pa bwalo la mfumu imathera ku bwalo la milandu.

Ndiponso pali zinthu zambiri zimene mapu ndi zithunzi zojambulidwa kumwamba sizionetsa. Msitu ungaoneke ngati thengo wamba, pamene ndi manda a mudzi, kapena dambwe limene mlendo saloledwa kulowamo. Dambo lingaoneke lopanda nchito m'dzinja, pamene m'chilimwe ndilo lidyetsa ng'ombe za midzi itatu. Pali njira ya ku chitsime, pali dothi limene amai amaumbira mbiya, pali malo amene madzi amasefukira chaka chiri chonse. Woyeza malo wophunzira kwambiri sangadziwe zimenezi, koma nkhalamba ya pamudzi izidziwa zonse. Chotero kufunsa msanga sikuthandiza mudzi wokha ai. Kumapulumutsanso kampani ku zolakwa zodula.

Chinthu chachitatu ndi mphekesera. Anthu akapanda kuuzidwa zoona sakhala chete. Amadzipangira mayankho ao, ndipo mayankho otere amakhala oopsa kuposa zoonazo. Ku Kinangop mantha anafika m'mitima ya anthu mafotokozedwe asanafike, ndipo kuwachotsa kunakanika.

ZIMENE MALAMULO A MALAWI ANENA

Munthu wa m'mudzi ayenera kudziwa kuti kufunsidwa si chifundo cha kampani ai, koma ndi ufulu wake. Gawo 44 la Malamulo Akulu a dziko linena kuti katundu wa munthu angatengedwe pokhapokha ngati ndi pa nchito yothandiza anthu onse, mwini wake atadziwitsidwa mokwanira ndi kupatsidwa chipukuta misozi choyenera, ndipo munthuyo ali ndi ufulu wokadandaula ku bwalo la milandu.

Lamulo losamalira chilengedwe la chaka cha 2017 lifuna kuti nchito zazikulu zisayambe kufikira patachitika kafukufuku wa m'mene zidzakhudzire chilengedwe ndi moyo wa anthu, ndipo bungwe la MEPA ndilo limayang'ana kafukufukuyo. Pochita kafukufuku ameneyu anthu okhudzidwa ayenera kumvedwa, ndipo iyi ndiyo nthawi yabwino koposa yonena zakukhosi. Lamulo la malo a m'midzi la chaka cha 2016 linakhazikitsa makomiti a malo otsogozedwa ndi a gulupu, okhala ndi anthu 6 osankhidwa, ndipo atatu mwa iwo kapena kuposa akhale amai. Palinso lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a Boma, limene linayamba kugwira nchito mu 2020.

Nkhani ya amai iyenera kusamalidwa. M'madera ambiri a pakati ndi kumwera, kumene kuli chikamwini, munda umatsata mbumba ya kuchikazi. Ngati oyeza malo alemba dzina la mwamuna yekha chifukwa ndiye anawalandira, chipukuta misozi chingapite kwa munthu amene sali mwini munda. Kubvomera kwa mfumu nkofunika, ndipo mlendo waulemu amayamba wafika kwa mfumu. Koma mfumu imasunga malo m'dzina la anthu ake, monga khonsolo ya ku Marsabit inali kuchitira, ndipo mfumu yanzeru siibvomera kanthu kumbali isanaitane anthu ake pa bwalo.

ZIMENE MUDZI UYENERA KUCHITA

Alendo a nchito ya magetsi akafika, mudzi usawathamangitse ndipo usafulumire kusaina. Upemphe msonkhano wa anthu onse, wolengezedwa pasadakhale, pa tsiku losakhala la msika kapena la maliro, ndi pa nthawi imene anthu abwerako ku munda. Zonse zifotokozedwe m'chinenero cha pamudzipo. Amai, achinyamata, okalamba, olumala ndi obwereka minda akhalepo ndipo apatsidwe mpata wolankhula. Pasankhidwe mlembi woti alembe tsiku, maina a alendo, zimene afunsidwa ndi zimene alonjeza. Pakuti lonjezo la pakamwa limapita ndi amene analinena akasamutsidwa pa nchito.

Mafunso oyenera kufunsa ndi awa:

1. Kodi nchitoyi ndi ya yani, ndipo ofesi ya Bwanamkubwa wa boma lino iidziwa?

2. Kodi mapu ali kuti? Ndi malo ati amene adzatengedwe kwamuyaya, ndi ati amene adzangobwerekedwa pa nthawi yomanga?

3. Kodi ndi zinthu ziti zimene zingasinthidwebe, ndi ziti zimene zatha kale?

4. Pansi pa mawaya kudzaloledwa kulima chiani? Kawirikawiri mbeu zazifupi monga mtedza ndi nyemba zimaloledwa, koma mitengo ya mango ndi bulugamu imadulidwa.

5. Kodi nyumba, nkhokwe, mitengo ndi mbeu zidzawerengedwa tsiku liti, ndipo mitengo yake idzaikidwa ndi yani? Kodi malipiro adzafika nchito isanayambe?

6. Kodi wotaya munda angalandire munda wina m'malo mwa ndalama? Ndalama zimatha, koma munda umadyetsa ana ndi adzukulu.

7. Nanga malo a anthu onse, monga manda, madambo ndi nkhalango ya mudzi, adzasamalidwa bwanji?

8. Kodi anthu a pamudzi adzalembedwa nchito angati, ndipo adzasankhidwa motani?

9. Munthu wosakhutira akadandaule kwa yani, ndipo adzayankhidwa pakapita masiku angati?

10. Kodi mudziwo udzalandira magetsi?

Funso lotsirizali lifuna kufotokozedwa. Anthu ambiri amaganiza kuti mawaya akulu akadutsa pamudzi ndiye kuti magetsi afika. Si choncho. Mphamvu ya m'mawaya otere ndi yaikulu kwambiri, ndipo siingalowe m'nyumba kufikira itachepetsedwa pa siteshoni ndi pa matiransifoma, kenaka nkutumizidwa pa mawaya ena ang'ono. Kufikitsa magetsi m'midzi ndi nchito ina, monga imene imachitika pansi pa MAREP. Kuli bwino kuti anthu amve zoona zimenezi poyamba, kusiyana ndi kuyembekeza chinthu chimene sichinalonjezedwe.

ENI MALO NAONSO ALI NDI MBALI YAO

Kufunsana ndi njira ya mbali ziwiri. Munthu amene safika pa msonkhano, koma adandaula nsanja itaima, wadzimana yekha mau. Amene afalitsa nkhani imene sanaitsimikize amaononga mudzi wake. Alipo ena amene akamva kuti mawaya adzadutsa amathamangira kumanga tinyumba kapena kubzala mitengo m'njiramo kuti adzalandire ndalama. Kuteroko nkutaya chuma pachabe, pakuti pa nchito zotere pamaikidwa tsiku lotsekera, ndipo chimene chamangidwa pambuyo pa tsikulo sichilipiridwa. Alipo enanso amene amadza ngati othandiza, namagula minda ya anzao pa mtengo wochepa chifukwa amva za nchitoyo anzao asanamve. Mankhwala a zonsezi ndi amodzi: nkhani inenedwe poyera, kwa onse, pa nthawi imodzi, ndipo inenedwe msanga.

Munthu asasaine kapena kudinda chala pa pepala limene sanalimvetse. Apemphe kuti limwerengedwe pamaso pa mboni imene iye wasankha, ndipo asunge pepala lake lofanana nalo. Kupempha masiku ochepa oganizira si mwano.

Nchito zambiri za magetsi zikali m'tsogolo. Mu 2022 Boma linasaina pangano lomanga damu pa Mpatamanga, pa mtsinje wa Shire, loti lidzapange mamegawati oposa 350, ndipo damu liri lonse limafuna mawaya ake. Midzi ina imene lero siinaonepo woyeza malo idzamuona. Ku Kenya mphepo inali imodzimodzi pa malo onse atatu, koma kwina makina sanazungulire konse, kwina anazungulira mlandu uli m'bwalo, ndipo kwina anazungulira eni malo ali kulandira gawo lao. Akulu akale anati safunsa anadya phula. Mau amenewa ayenera kampani imene ikhoma zikhomo isanalankhule ndi eni malo, ndipo ayeneranso mwini munda amene aona zikhomozo nakhala chete.

ZOKAMBIRANA PA MISONKHANO YA M'MIDZI

1. Ndi malo ati m'mudzi muno amene mlendo angaganize kuti alibe mwini kapena alibe nchito? Alembedwe tsopano, alendo asanafike.

2. Ndi anthu ati amene kawirikawiri salankhula pa bwalo, ndipo angathandizidwe bwanji kuti mau ao amveke?

3. Kodi komiti ya malo iripo m'dera la a gulupu, ndipo anthu onse awadziwa amene ali m'komitiyo?